Kuchotsa mileme kudenga la nyumba

Zofunika: makwerero, tochi, magolovesi, masiki, waya wa sefa, chidutswa cha neti, misomali ndi simenti. Gwirani ntchitoyi m'nyengo yozizira, pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Nthawi ya mvula mileme yambiri imakhala ndi ana osauluka.

1. Dzuwa likamalowa, imani panja muone pomwe ikutulukira. Pansi pake mupeza zitosi, ndipo khoma limakhala lothimbirira.
2. Matani mipata ina yonse, kusiya potulukira pokha. Mpata wolowa chala, mleme umapita bwinobwino.
3. Khomerani neti pamwamba ndi m'mbali mwa potulukirapo, kunsi kukhale kolendewera. Ikatuluka imalephera kubwerera.
4. Dikirani sabata imodzi. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amatseka masana mileme ili m'kati, imafera m'siling'i, fungo lake osagona nalo. Musaithire mankhwala ophera, imatidyera udzudzu.
5. Mukaona madzulo kuti palibe ukutuluka, chotsani neti, tsekani ndi sefa kapena simenti.
6. Valani masiki, wazani madzi pazitosi kenako muwole. Fumbi lake limadwalitsa mapapo.

Musagwire mleme ndi manja. Ukakulumani, tsukani bala ndi sopo kwa mphindi 15, thamangirani kuchipatala chifukwa ungakhale ndi chiwewe.