Momwe Mungamvere Zimene Munthu Wasenza Mumtima Asanazitchule

Tonse tinakumanapo ndi munthu amene atangolowa m'nyumba mitima yathu inakhala pansi, komanso wina amene titangomuona tinati magazi athu sakugwirizana. Ena amakhulupirira kuti munthu aliyense amazunguliridwa ndi kuwala kosaoneka kotchedwa aura, ngakhale kuti asayansi sanapeze umboni wa kuwala kotere. Chimene ine ndikutsimikiza n'chakuti thupi limalankhula mwini wake asanatsegule pakamwa, ndipo luso lomvetsera thupi limaphunzirika.

Yambani mwadzifufuza nokha. Ngati mwagona ndi njala kapena mwachoka kunyumba mutakangana, aliyense adzaoneka ngati ali nanu chifukwa, pomwe vuto lili mwa inu.

Kenaka musathamangire malonje, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukafunsa kuti "Mwadzuka bwanji?" pafupifupi aliyense amayankha kuti wadzuka bwino, choncho mvetserani kulemera kwa mawuwo, liwiro lake, ndiponso ngati munthuyo wakumbukira kubweza kuti "Kaya inu?" Chofunika koposa ndi kumuyerekeza ndi mmene amakhalira masiku onse. Taganizirani za mayi wogulitsa mbatata ya kachewere pa msika wa Lizulu, amene nthawi zonse amakuitanani muli patali kuti, "Bwerani achimwene, ndikuikirani basela." Tsiku limene akuunjika milu yake ali chete, maso ali kumsewu, n'kuwerenga chenji kawiri osaona kuti walakwitsa, dziwani kuti mtima wake suli pamsikapo.

Samalani kuti musamasulire molakwa. M'miyezi ya June ndi July kuno ku Dedza munthu amapinda manja pachifuwa ndi kukwinya nkhope chifukwa cha chisanu, osati chidani. Mwana kapena mkamwini amene akuyang'ana pansi polankhula ndi akuluakulu akupereka ulemu, sakubisa kanthu. Chizindikiro chimodzi sichikwanira. Dikirani mpaka mawu, nkhope ndi kakhalidwe ziloze kumodzi.

Mvetseraninso thupi lanu, pakuti nkhawa ya mnzathu imatha kutiyambukira tisanaizindikire: mapewa amauma, mpweya umafupika. Mukamva zotere, tsimikizani pofunsa mwaulemu pamene palibe anthu ena, monga kunena kuti, "Amayi, lero sindikukuonani bwino, kunyumba kuli bwanji?" Akakana kufotokoza, musawaumirize.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka mtima kwambiri. Nthumanzi imene mwamva poona munthu si umboni wakuti munthuyo ndi woipa, ndipo agogo ambiri osalakwa azunzidwa chifukwa wina anangoti nkhope yawo ikumuopsa. Lamulo lokhudza ufiti la m'chaka cha 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Ngati mtima ukukana munthu amene simukumudziwa, makamaka usiku kapena pamalo a zii, tsanzikani mwaulemu n'kupita pamene pali anthu, popanda kumunenera chilichonse.