Musaphimbe khoma la galaja kuno ku England a khonsolo asanalione

Abale anga, ndikulemba mtima ukadapweteka. Ndinkafuna kusandutsa galaja yogundizana ndi nyumba yanga kukhala malo opalira matabwa, ofunda ngakhale m'nyengo ya chisanu. Magalaja ambiri kuno makoma ake ndi a njerwa imodzi, chinyezi chimangodutsa.

Mmisiri ndinamupeza pagulu la WhatsApp. Ankanditchula achimwene, n'kunditsimikizira kuti za Building Control, nthambi ya khonsolo yoyendera zomangamanga, n'zongodyera anthu ndalama. Ndinamupatsa theka la ndalama pamanja, popanda cholemba chilichonse. Anapanikiza insulation yaubweya ija, yosunga kutentha m'nyumba, panjerwa penipeni, osasiya mpata, osaika pulasitiki wotchinga nthunzi, n'kukhomerapo mabolodi a khoma otchedwa plasterboard. Pofika February khoma linali mawanga akuda okhaokha, kununkha ngati chimanga chovunda m'nkhokwe. Ndikadina ndi chala, bolodi linkabonyoka. Foni ya mmisiri uja sinagwirenso.

Ku khonsolo anandiuza kuti ntchito yochitidwa mosadziwitsa imafuna regularisation, yomwe ndi kupempha chivomerezo ntchito itachitika kale, yodula kuposa kupempha poyamba. Woyendera atabwera anati tigumule khomalo aone zam'kati. Ndinaima pakhomo ndikuona mabolodi ogula ndi thukuta la mashifiti ausiku akuponyedwa mu skip, chibini chachikulu cha zinyalala. Ndinalipira kawiri.

Tsono mverani. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, popanda chilolezo cholembedwa cha eni ake musakhome ngakhale msomali. Ngati ndi yanu, imbirani Building Control musanagule chilichonse.

Chotchinga nthunzi chimakhala mbali yofunda, kuseri kwa plasterboard. Mabolodi a insulation otchedwa PIR monga Celotex kapena Kingspan musawasiye pamtetete. M'chipinda cha utuchi ndi makina mukuitana moto. Ngati galimoto izilowabe, khoma lolekanitsa galaja ndi nyumba liyenera kupirira moto mphindi 30, chitseko chake chikhale chopiriranso moto mphindi 30 (FD30), chodzitseka chokha. Musachichotse chifukwa choti n'cholemera.

Galaja yomangidwa chisanafike chaka cha 2000 ikhoza kukhala ndi asbestos kudenga, yemwe fumbi lake limawononga mapapo. Musaboole, musacheke isanayezedwe. Mapapo ndi anu.

Zamagetsi, chonde siyani kutuma m'bale amene ankakonza mawaya ku Ndirande. Kuika laini yatsopano ya magetsi (new circuit) kumagwa pansi pa Part P, gawo la malamulo a zomangamanga lokhudza magetsi. Pamafunika wamagetsi wolembetsedwa, monga ku bungwe la NICEIC, wopereka satifiketi, apo ayi kudziwitsa Building Control ntchito isanayambe.

Ndalama yomaliza muigwire mpaka completion certificate, chikalata cha Building Control chovomereza ntchito yomalizidwa, ili m'manja mwanu. Tsiku logulitsa nyumba, loya wa wogula adzaifuna.