Timibulu ta utuchi m'khola la makoswe oweta

Makoswe anga awiri ndimawaikira timibulu ta utuchi, tija amagulitsa m'masitolo a ziweto kuno ku Britain kuti amphaka azikodzerapo. Timamwa mkodzo msanga, fungo la amoniya (mpweya woyabwa wochokera mu mkodzo) silichuluka. Mfundo yaikulu ndi imeneyi, chifukwa khoswe sachedwa kudwala chifuwa.

Pogula werengani pathumba. Musatenge tothira zonunkhiritsa, kapena toyatsira moto m'mbaula, chifukwa tina amatithira mankhwala. Ta mtengo wa mkungudza ayi ndithu, mafuta ake amapweteka mapapo. Ta paini mutenge tokhato toumitsidwa mu uvuni.

Ine sindiyala khola lonse, timibulu n'tolimba kumapazi. Ndimathira m'kathireyi pakona pomwe amakonda kuchitira chimbudzi, kokhuthala masentimita 2 kapena 3, n'kuikapo kamwala kafulati pamwamba, poti makoswe amakonda kukodzera pamwala. Pogona pawo ndimaikapo mapepala ong'ambang'amba.

Timibulu tikanyowa timafufuma n'kusanduka utuchi. Wolani utuchiwo tsiku ndi tsiku usanaume n'kukhala fumbi. Pakatha sabata tayani zonse, tsukani thireyi, koma mubwezeremo timanyi tingapo kuti asaiwale malowo. Mukamva khoswe akuyetsemula kawirikawiri, chotsani timibulu, mupite naye kwa dokotala wa ziweto.