Kalembedwe ka pempho la mendulo kwa msilikali wa US Army amene akusamutsidwa

Msilikali wa gulu lankhondo la America, US Army, sakhalitsa pamalo amodzi. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu amalandira kalata yomutumiza kwina, ndipo kusamuka kumeneku eni ake amakutcha PCS. Mwambo wake ndi wakuti asananyamuke, gulu limene akulisiya limuveke mendulo yothokoza ntchito ya nthawi yonse imene anakhala nalo. Koma mendulo imeneyi siibwera yokha. Buku la malamulo a mamendulo, AR 600-8-22, limanena poyera kuti kusamuka pakokha sikupatsa munthu ufulu wolandira mendulo. Payenera kupezeka womulembera pempho, munthu amene ntchitoyo anaiona ndi maso, ndipo msilikali sangadzilembere yekha. Kawirikawiri wolembayo ndinu amene mumamuyang'anira tsiku ndi tsiku, sajeni wake kapena mtsogoleri wa platoon, kagulu ka asilikali makumi angapo.

Chimene chimapha mapempho ambiri ndi kuchedwa. Pempho limakwera ofesi ndi ofesi mpaka kwa mkulu amene ali ndi mphamvu yovomereza, ndipo mendulo ikakhala yaikulu ulendowo umatalika. Army Achievement Medal, kapena kuti AAM, imavomerezedwa ndi lieutenant colonel wolamula battalion, gulu la asilikali mazana angapo. Army Commendation Medal, ARCOM, imafika kwa colonel wolamula brigade, gulu lopangidwa ndi ma battalion angapo. Meritorious Service Medal, MSM, imakwera mpaka kwa general. Magulu ambiri amafuna pempho la AAM lifike kutatsala masiku 30, la ARCOM masiku 60, la MSM masiku 90, koma gulu lililonse limaika masiku ake, choncho funsani ku S1, ofesi yoona za mapepala ndi mbiri za asilikali. Masikuwo muwerenge chobwerera m'mbuyo kuchokera tsiku lomuveka, osati tsiku lokafika kumalo atsopano, chifukwa pakati pamakhala tchuthi ndi masiku obweza katundu wa boma ndi kusayinitsa mapepala otulukira. Kalata ya PCS ikangotuluka, yambani kulemba sabata yomweyo.

Musanalembe liwu limodzi, onani mbiri ya msilikaliyo pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi flag, chiletso chimene amaika pa munthu amene akufufuzidwa, ali pa chilango, kapena walephera muyezo wa thupi. Munthu wa flag kawirikawiri salandira mendulo mpaka chiletsocho chitachotsedwa. Chachiwiri ndi mamendulo amene analandira kale. Mufunika kudziwa kuti iyi ndi yachingati, chifukwa kulandiranso mendulo yomweyo kumasonyezedwa ndi kachitsulo kooneka ngati tsamba, oak leaf cluster, mwachidule OLC. ARCOM yachiwiri imalembedwa 1OLC, yachitatu 2OLC, ndipo timasamba tisanu ta bronze timalowedwa m'malo ndi kamodzi ka siliva. Nambala imeneyi ikalakwika, S1 imabweza pempho lonse.

Pempho lenileni ndi fomu ya DA 638, ndipo kuyambira mu 2023 asilikali a nthawi zonse amadutsitsa mapempho awo pa kompyuta mu IPPS-A, pulogalamu ya Army yoyendetsa nkhani za asilikali. Zofunika kulemba ndi zomwezo. Gawo loyamba ndi la msilikali, lachiwiri ndi la inu wopempha. Pa chifukwa cha mendulo sankhani PCS. Pa nthawi ya mendulo lembani tsiku limene anafika pa gulu ndi tsiku limene akuchoka, ndipo masiku amenewa asalowerere m'masiku a mendulo ya PCS imene analandira kumene anachokera.

Gawo lachitatu ndiye mtima wa nkhani yonse. Muli malo anayi olembamo zimene munthu anachita, malo aliwonse mizere yochepa chabe. Mkulu wovomereza mwina msilikaliyo sakumudziwa n'komwe nkhope. Adzamudziwa kudzera m'mizere yanuyo. Apa ndi pamene olemba ambiri amagwa, chifukwa amangobwereza ntchito imene munthu analembedwera. Kulemba kuti anali makaniki wolimbikira ndi wokhulupirika sikunena kanthu, poti aliyense amayenera kukhala wotero. Mzere wabwino umanena zinthu zitatu: anachita chiyani, zochuluka bwanji, ndipo gulu linapindula chiyani. Tiyerekeze makaniki yemweyo. Lembani kuti anayang'anira magalimoto 24, anadzutsa 6 amene anali atafa kwa miyezi, ndipo platoon inapita kumaphunziro a kutchire popanda galimoto yotsalira. Kwa wosunga katundu, tchulani mtengo wa katunduyo m'madola ndi kuti pa kawerengedwe komaliza sipanasowe kanthu. Kwa sajeni, tchulani asilikali angati amene anawaphunzitsa, angati anakwezedwa, angati anakhoza sukulu. Manambala amenewa musawapeke. Atengeni m'malipoti a ntchito ake, m'zolemba za uphungu wa mwezi ndi mwezi, ndi m'mapepala a oyendera ntchito. Chachikulu kuposa zonse chiikeni poyamba.

Pali msampha wina umene umakola ngakhale olemba ozolowera. Ntchito imodzi siilandira mamendulo awiri. Ngati msilikali analandira AAM chifukwa chopambana mpikisano wa msilikali wabwino pa battalion, nkhani imeneyo singabwerenso m'pempho la PCS, ngakhale inachitika mkati mwa nthawi yomweyo. N'chifukwa chake ndi bwino kupempha makope a mafomu ake akale ndi kuwerenga zimene zinalembedwamo.

Pansi pa malo anayi aja pa fomuyo pali mawu achidule odzawerengedwa pa mwambo ndi kusindikizidwa pa satifiketi. Asapitirire mizere 6, asakhale ndi zidule zosamveka kwa munthu wamba, ndipo dzina, udindo ndi dzina la gulu zilembedwe molondola. Magulu ambiri ali ndi kalembedwe kawo, tsatirani komweko.

Nanga mupemphe mendulo iti? Lamulo limati udindo wa munthu si umene uyenera kusankha mendulo, koma kukula kwa ntchito imene anasenza ndi mmene anaigwirira. Specialist, msilikali wa udindo wochepera sajeni, amene kwa chaka anagwira ntchito ya sajeni angayenere ARCOM, ndipo ngati zili choncho mizere yanu inene zimenezo momveka. Akuluakulu apakati akhoza kulangiza kuti mendulo itsitsidwe kapena ikwezedwe, ndipo wovomereza akatsitsa, pempho lakuti aganizenso limaloledwa mkati mwa chaka chimodzi, pokhapokha pali umboni watsopano wogwirika. Ndi nkhani yoilimbikira, chifukwa kwa amene akufuna kukhala sajeni kapena staff sergeant mamendulo amawonjezera mapointi okwezera udindo, ndipo ARCOM imalemera kuposa AAM.

Msilikali akangosintha gulu pa malo omwewo atakhala miyezi yochepa, kapena inuyo mukachoka iye n'kutsala, nthawi zambiri mendulo siiperekedwa pompo. Mulembereni kalata yotchedwa letter of continuity, yofotokoza zimene anachita ndi masiku ake, kuti womuyang'anira watsopano adzaziphatikize m'pempho la mtsogolo. Popanda kalata imeneyi ntchito ya miyezi imeneyo imangozimirira.

Pempho likatumizidwa, litsatireni sabata iliyonse, mudziwe pa tebulo la ndani pamene laima. Likavomerezedwa, muvekeni msilikali pamaso pa anzake asanachoke, mumupatse kope la fomu yokhala ndi nambala ya chilolezo pamodzi ndi satifiketi, kenako muonetsetse kuti zalowa m'mbiri yake mu iPERMS, mosungira mafayilo a asilikali pa kompyuta. Ngati wanyamuka pempho lisanathe, udindo ukadali wa gulu lakale. Tumizani mapepala ku S1 ya gulu lake latsopano kuti akamuveke kumeneko. Ngati silinalembedwe n'komwe, mwayi ulipo mkati mwa zaka 2 kuchokera pamene ntchitoyo inatha. Zikadutsa zaka zimenezo, njira yotsala ndi yodzera kwa membala wa Congress, nyumba ya malamulo ya America, ndipo imafuna umboni wochuluka ndi siginecha za akuluakulu amene nthawi imeneyo amakhala atabalalika kale.