Mmene mungawerengere mabuku akale otchuka osataya mutu wa nkhani

Anthu ambiri amene amayamba kuwerenga mabuku akale otchuka amalekezera panjira, ndipo chimene chimawagwetsa mphwayi si kukula kwa bukulo ayi, koma kusokonezeka. Munthu amafika pakati osadziwanso kuti amene akulankhulayo ndani, kapena kuti zimene zikufotokozedwazo zinachitika liti. Pepala limodzi ndi pensulo zingakuthandizeni kwambiri pa vuto limeneli.

Yambani ndi kulemba mayina, chifukwa apa m'pamene ambiri amapunthwa. M'buku la Fyodor Dostoevsky lotchedwa Crime and Punishment, lomwe linatuluka mu 1866, mwini nkhani ndi Raskolnikov, koma mayi ake amamuitana kuti Rodya, pamene Porfiry, wofufuza milandu, amamutchula kuti Rodion Romanovich. Mayina atatuwa ndi a munthu mmodzi. Ku Russia dzina lachiwiri limachokera ku dzina la bambo, ndipo kutchula munthu ndi mayina awiriwa ndi ulemu, pamene dzina lachidule ndi la achibale ndi mabwenzi. Mukawalemba onse pamzere umodzi, mudzayamba kudziwa ubale wa anthu pongomva mmene akuitanirana.

Kenako siyanitsani ndondomeko ya zochitika ndi ndondomeko imene wolemba wazifotokozera, pakuti ziwirizi siziyendera limodzi nthawi zonse. Ndakatulo yaitali ya Homer yotchedwa Odyssey ili ndi magawo 24, ndipo ikunena za Odysseus amene anatha zaka 10 akubwerera kwawo ku Ithaca nkhondo ya ku Troy itatha. Komabe magawo anayi oyambirira akunena za mwana wake Telemachus, amene wanyamuka kukafunafuna mbiri ya bambo ake pamene amuna ofuna kukwatira mayi ake, Penelope, akudya chuma cha panyumba. Odysseus mwiniwake timakumana naye m'gawo lachisanu ali pachilumba cha Calypso, ulendo wake utatsala pang'ono kutha. Nkhani ya chimphona cha diso limodzi chija, Polyphemus, akuifotokoza yekha kuyambira m'gawo 9 monga zinthu zakale. Jambulani mzere papepala, ndipo chochitika chilichonse muzichiika pamalo pake molingana ndi nthawi, osati molingana ndi tsamba.

Olemba akale ankakondanso kupatuka pankhani, ndipo apa pamafunika nzeru. Victor Hugo, m'buku lake la Les Misérables la mu 1862, anamusiya Jean Valjean, yemwe anakhala m'ndende zaka 19 pa mlandu umene unayamba ndi kuba buledi, n'kulemba mitu 19 yonena za nkhondo ya ku Waterloo ya mu 1815. Ine sindiona cholakwika kuwerenga mitu yotereyi mothamanga, makamaka ulendo woyamba. Koma musadumphe mutu wotsiriza. M'menemo Thénardier, amene akuba katundu wa mitembo usiku, akukoka msilikali wovulala dzina lake Pontmercy pansi pa mulu wa anthu akufa kuti amubere, ndipo msilikaliyo akuganiza kuti wapulumutsidwa ndi munthu wachifundo. Ngongole yabodzayi imadzamuvutitsa Marius, mwana wa msilikaliyo, patsogolo, ndipo amene anadumpha masamba amenewa sangamvetse chifukwa chake.

Mukamaliza gawo lililonse, tsekani buku n'kulemba chiganizo chimodzi chonena zimene mwini nkhani akufuna tsopano ndi chimene chikumutchinga. Mukatero mudzazindikira funso lenileni la bukulo. Raskolnikov akupha mayi wokongoza ndalama komanso Lizaveta, mng'ono wa mayiyo, kumapeto kwa gawo loyamba, wowerenga akuona, choncho magawo asanu otsatirawo sakufunsa kuti wakupha ndani, koma ngati munthu angasenze chinsinsi chotere osaulula.

Za chidule cha nkhani chimene chimapezeka pa intaneti, ndi bwino kuchiwerenga mutamaliza gawo, kuti muone ngati mwamva bwino, osati musanayambe. Mawu oyamba amene akatswiri amalemba kumayambiriro kwa mabuku otere nawonso muwasungire kumapeto, chifukwa nthawi zambiri amaulula amene adzafe ndi amene adzakwatirane, poganiza kuti aliyense akudziwa kale.