Mukafuna kulapa koma wansembe palibe, chitani izi

Ife a m'matchalitchi a kumidzi kuno ku Nkhotakota, bambo mfumu timawaona mwa apo ndi apo. Dzinja likafika, misewu n'kukumbika, timangopemphera ndi a katekisiti. Ngati tchimo lalikulu likukusowetsani tulo nthawi yotere, Mpingo uli nayo njira. Ili mu Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, ndime 1452, ndipo Papa Francis anaikumbutsa pa 20 Marichi 2020, nthawi ya Covid-19.

Choyamba, khalani panokha mufufuze mtima wanu. Izi munaphunzira kale kukalasi ya katekisimu. Tchimolo mulitchule ndi dzina lake pamaso pa Mulungu, osazungulira.

Chachiwiri ndi chisoni, ndipo ine ndinakhalitsa pamenepa. Chisoni chilipo cha mitundu iwiri. Msodzi mwera ukamupeza pakati pa nyanja, madzi akudzadza m'bwato, amalira "Ambuye ndikhululukireni" chifukwa akuopa kufa ndi kukapsa. Chisoni chimenechi n'chabwino ndithu, n'chochokera kwa Mulungu, koma ndime 1453 ikuti pachokha sichichotsa machimo aakulu, chimangokukonzekeretsani kukalapa. Chofunika ndi chisoni changwiro: kudandaula chifukwa mwalakwira Mulungu amene mumamukonda koposa zonse. Musadikire misozi kapena kunjenjemera, ambiri amataya mtima pamenepo poganiza kuti sizinatheke. Mantha akhoza kukhalapo, bola chikondi chikhale patsogolo. Ine ndimayang'ana mtanda kaye, kenako n'kuwerenga Salimo 51 pang'onopang'ono.

Apa ndichenjeze. Kulapa pa foni kapena pa WhatsApp si sakramenti, ngakhale akuyankhaniwo akhale wansembe weniweni. A katekisiti ndi a sisitere akhoza kukulangizani, koma mphamvu yomasula machimo alibe. Nanga aneneri aja ogulitsa timabotolo ta madzi ndi mafuta m'misika? Ndalama yanuyo sungani, idzakulipirireni kabaza wopita kuparishi. Kulapa kwenikweniko salipiritsa.

Chachitatu, tsimikizani mumtima kuti mudzakalapa kwa wansembe mpata ukangopezeka. Popanda lonjezo limeneli, zonse zija zagwa. Funsani a tcheya a mphakati, kagulu ka akhristu a m'dera lanu, tsiku limene bambo mfumu akubwera.

Zotsalazo n'zachidule. Ukaristia muyambe mwadikira mpaka mutalapa, pokhapokha pali chifukwa chachikulu zedi. Ngati munatenga ukonde wa mnzanu, kabwezeni. Abambo akadzafika, mudzaulule tchimo lomwelija, osalidumpha poti munapepesa kale.