Mmene Mphunzitsi Wokhalitsa Pantchito Angasankhire Kolowera

Mphunzitsi wa kupulayimale amene wagwira choko kwa zaka 10 kapena kuposerapo amafika nthawi yoti sakudziwa ngati apitirize momwemo, afunefune udindo, kapena abwerere kusukulu. Musanasankhe, pezani kope ndipo kwa teremu yathunthu muzilemba madzulo alionse ntchito imene yakusangalatsani tsikulo ndi imene yakutopetsani. Mukadzawerenga potsekera sukulu, mudzaona ngati mtima wanu uli pa ana a m'kalasi, pa kuwongolera aphunzitsi anzanu, kapena pa phunziro limodzi monga masamu.

Ngati ndi phunzirolo, funsani za maphunziro a ku Domasi College of Education ku Zomba, kumene aphunzitsi ambiri apezako dipuloma yophunzitsira kusekondale, kapena a ku Mzuzu University, amene mungachite muli pantchito. Ngati ndi utsogoleri, pitani ku TDC (Teacher Development Centre, likulu la aphunzitsi m'zoni) ya m'dera lanu mukacheze ndi a PEA (Primary Education Advisor, mlangizi wa sukulu za pulayimale), ndipo muwafunse zimene amachita kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, osati za malipiro zokha. Chonde musasiye ntchito musanawerengetsere fizi, ngongole ndi penshoni yanu, komanso musanakambirane ndi akunyumba kwanu.